Kanema wa Tsotsi ndi Maso a Ana Athu

Tsiku lina Lamulungu, itangotha Misa yachiŵiri, adandiimitsa pakhomo pa tchalitchi mai ena a mumphakati wa kutsinde kwa phiri la Michesi. Adanyonyomala pang'ono monga mwa ulemu wa kwathu, nati: "Abambo, mwana wanga wamwamuna uja masiku ano sakhala pakhomo. Akangoŵeruka kusukulu, ulendo wa kumsika kokaonera kanema. Dzana wabwera akuyenda mopendekeka, dzanja lili m'thumba ngati wasunga mfuti, ndipo anzake ayamba kumuitana kuti Tsotsi. Kodi kanema ameneyu ngwotani? Ndimletse kapena ndimleke?" Mwanayo ali ndi zaka 14.

Sindidafune kuŵayankha mothamanga. Ife ansembe tili ndi chizoloŵezi china chimene sindichinyadira: munthu akatifunsa za kanema, za gule kapena za nyimbo, timafulumira kunena kuti nzoipa, chinthucho tisanachione nkomwe. Pajatu kuona maso a nkhono nkudekha. Choncho ndidaŵapempha kuti andipatse masabata aŵiri. Pa masabata amenewo kanemayo ndidamuonera kaŵiri, koyamba ndili ndekha m'chipinda, kachiŵiri nditakhala pa benchi pakati pa ana m'kanyumba kena ka malata pamsika pathu pano pa Chiringa. Zimene ndidaona ndizo ndifuna kukamba nanu, aŵerengi okondedwa, popeza funso la mai aja si lao okha.

Tsotsi ndi kanema wa ku South Africa amene adatuluka m'chaka cha 2005. Adamkonza ndi Gavin Hood potsata buku la Athol Fugard lomwe lidasindikizidwa mu 1980. Mu 2006 kanemayu adalandira mphotho ya Oscar ya kanema wopambana wa m'chilankhulo chosakhala Chingerezi, ndipo adali woyamba wa m'dzikolo kuilandira. Presley Chweneyagae, amene adaseŵera ngati Tsotsi, adamwalira mu Meyi 2025 ali ndi zaka 40, isanakwane miyezi itatu chimwalirire Fugard. Liu loti tsotsi si lachilendo kwa ife: agogo athu adabwera nalo kuchokera ku Joni, ndipo litanthauza mbava yolusa ya m'tauni.

Nkhani yake ili motere. Mnyamata wa zaka ngati 19 akhala m'zisakasa za kunja kwa mzinda wa Johannesburg, ndipo atsogolera anzake atatu: Boston, amene adatsala pang'ono kukhala mphunzitsi koma adasanduka chidakwa, Butcher wokonda kupha, ndi Aap wongotsata. Kanema asanapite patali, anaiŵa aona bambo wina pasiteshoni akutulutsa envulopu ya malipiro kuti agule tayi. Amlondola m'sitima yodzaza anthu, amzinga, Butcher nkumubaya mwakachetechete ndi kachitsulo kosongoka, ndipo amgwiriziza chiimirire mpaka anthu onse atatsika. Usiku womwewo ali pamoŵa, Boston afunsa Tsotsi ngati adziŵa tanthauzo la umunthu, ngati adakondapo munthu, ndiponso dzina lake lenileni. Tsotsi amuyankha ndi zibakera mpaka kumtupitsa nkhope yonse. Kenaka athaŵira mumdima mvula ikugwa, nafika kudera la anthu olemera, kumene aombera mai wina dzina lake Pumla pachipata cha nyumba yake, nkuthaŵa ndi galimoto. Atayenda kamtunda amva kulira kumpando wakumbuyo: m'galimotomo muli khanda.

Zonse zotsatira zizungulira pa khanda limeneli. Alinyamula m'thumba la pepala, alivindikira nyuzipepala m'malo mwa theŵera, alimwetsa mkaka wa m'chitini, ndipo pobwerako alipeza nyerere zitaliunjirira kukamwa. Pothedwa nzeru aloŵa m'nyumba ya Miriam, mai wamasiye wachitsikana amene ali ndi mwana wakenso, namuloza ndi mfuti kuti ayamwitse khandalo. Pang'onopang'ono timva za ubwana wake: mai ake adadwala mpaka kugona pamphasa, bambo ake adali chidakwa chankhanza chimene chidathyola msana wa galu wapakhomo ndi chidendene mwanayo akuona, ndipo iye adathaŵa nakakulira m'mipope ya simenti pamodzi ndi ana ena opanda kwao.

Nditamuonera ndekha, ndidazimitsa wailesi yakanema ndili chete, ndipo ndiyenera kunena mosabisa kuti kanemayu ngwabwino, ngwoyenera kumuonera. Chifukwa chake nchakuti salekanitsa magazi ndi kulemera kwake. Makanema ambiri odzaza m'misika yathu amaonetsa ngwazi imodzi ikuombera anthu makumi asanu isanamwe nkomwe tiyi wam'maŵa, ndipo mwa akufa onsewo palibe amene ali ndi mai, palibe amene aliridwa. Kwathu kuno munthu mmodzi akamwalira mudzi wonse umaima: makasu amagona, adzukulu amalaŵira kumanda, amai amachezera kusiŵa. Mwana amene waona imfa zikwi zopanda maliro waphunzitsidwa bodza lalikulu, lakuti munthu angathe kuchotsedwa pa dziko ngati kufufuta choko pa bolodi. Mu Tsotsi ophedwa pamaso pathu ndi aŵiri okha, koma imfa yoyamba ija imakutsata mpaka kumapeto. Atangotsika sitima, Boston asanza. Chithunzi chimenechi ndidachikonda koposa, popeza chionetsa kuti ngakhale m'thupi la chidakwa chikumbumtima chimakana kumeza magazi a munthu.

Alipo akhristu ena amene amati kungoonetsa choipa ndi tchimo kale. Ndiŵalemekeza, koma sindivomerezana nao. Buku Loyera lenilenilo silitibisira zoopsa. Tikangopitirira mitu itatu ya Genesis tipeza Kaini akupha mbale wake kumunda. Tipezanso mfumu Davide akukonza chiwembu kuti Uriya afere kunkhondo kuti iye atenge mkazi wake, ndipo Lachisanu Loyera lililonse timaŵerenga za mikwapulo, minga ndi misomali, ana athu ali pomwepo. Msonkhano Waukulu wa Vatikano Wachiŵiri, m'chikalata chake cha Inter Mirifica cha mu 1963, udavomera kuti kusimba kapena kuonetsa zoipa kungathe kutithandiza kumdziŵa bwino munthu ndi kuŵalitsa ukulu wa choona ndi chabwino, pokhapokha ngati kuchitika modziletsa, kuti kusaononge mitima m'malo moithandiza. Choncho funso loyenera si lakuti kodi m'kanemamo muli magazi, koma lakuti kodi magaziwo akutichititsa chiyani mumtima: chisoni kapena chilakolako?

Pali chinthu china chimene chidandikhudza ngati wansembe, ndicho nkhani ya dzina. Mnyamatayu adataya dzina lake navala dzina la ntchito yake. Mai ake ankamutcha David, koma iye adalikwirira dzinalo pamodzi ndi ubwana wake, ndipo aliyense wolifukula amkamlandira ndi chibakera. Tsono Miriam atafunsa dzina la khanda lija, iye anena kuti ndi David. Pamenepo timvetsa kuti wolera ndi woleredwa ndi munthu mmodzi: m'khanda lobedwalo akuona mwana uja adamsiya m'mipope. Pa ubatizo timafunsa makolo dzina la mwana tisanachite china chilichonse, chifukwa Mulungu saitana munthu ndi dzina la tchimo lake. Ndidakumbukira mau a mai a kutsinde kwa Michesi aja, akuti anzake ayamba kumuitana kuti Tsotsi, ndipo ndidaona kuti mantha ao si a chabe. Dzina loseŵera nalo limatha kukhala chovala chimene mwana amakula nkuchidzaza.

Mathero ake nawonso agwirizana ndi zimene timaphunzitsa pa Sakramenti la Kulapa, kuti chisoni cha mumtima chopanda kubweza nchosakwanira. Miyendo ya Pumla, amene chipolopolo chidamlumaza, sangaibweze. Moyo wa bambo wa m'sitima sangaubweze. Chimene angathe kubweza ndi khanda lokha, ndipo apita nalo ndi mapazi ake, akudziŵa kuti apolisi akumfunafuna. Apolisi amzinga, bambo wa mwanayo atuluka nalandira khanda m'manja mwake, iye nkukweza manja akulira. Kanema athera pomwepo, osamkhululukira mwachinyengo, osamuphanso.

Komabe si zonse zimene zidandikhutiritsa. Kutembenuka mtima kwake nkwachangu mopitirira, popeza zonsezi zichitika m'masiku osakwana sabata. Chaulere cha Mulungu chingathe kugwira munthu m'kamphindi, monga chidachitira ndi mbala ija pamtanda, koma amene tidakhalapo ndi anyamata oloŵerera tidziŵa kuti kaŵirikaŵiri munthu amadzuka ndi kugwa zaka zambiri. Buku la Fugard nloŵaŵa kuposa kanema: m'menemo nkhani ichitika m'zaka za m'ma 1950, ndipo Tsotsi afera pansi pa khoma logumulidwa akuyesa kupulumutsa khandalo. Chachiŵiri, Tsotsi aombera Butcher kuti apulumutse bambo wa mwanayo, ndipo kanema atikokera kuti tione kupha kumeneku ngati chizindikiro chakuti wasintha. Mwina sakadachitira mwina, koma nzomvetsa chisoni kuti ngakhale ubwino wake uyenera kutuluka pakamwa pa mfuti. Bambo wa tayi uja naye aiŵalika msanga. Sitimva za mkazi wake amene adadikira malipiro usiku umenewo, kapena za ana ake.

Chimene chidandivuta koposa ndi nkhani ya Miriam. Terry Pheto adaseŵera mbali imeneyi mwaulemu kwambiri, ndipo Miriam ndiye munthu wolimba mtima kuposa onse: akana ndalama zakuba, nauza Tsotsi m'maso muli gwa kuti akabweze mwana wa eni. Koma tisaiŵale kuti chibwenzi chao chidayamba ndi mfuti yolozedwa pa mai woyamwitsa, m'nyumba mwake momwe. Munthu wamkulu angathe kuona kuti kufeŵa kwa Miriam nchifundo cha pa khanda. Mnyamata wa zaka 14 angathe kutolapo phunziro lina, lakuti mkazi ukamuopseza lero maŵa adzakuphikira nsima. Phunziro limeneli midzi yathu ili nalo kale lokwanira, sitifuna kanema wotiwonjezera.

Tsopano ndikambe za kuonera kwanga kwachiŵiri, kumene kudasintha yankho langa lonse.

Lidali tsiku la msika, dzuŵa lili paliwombo, nthaŵi imene ana amayenera kukhala m'kalasi. Ndidavula kolala, ndidapereka kandalama kapakhomo, nkukhala kumbuyo. M'kanyumbamo mudali mdima ndi thukuta, chimkuzamau chili pakhomo kukokera anthu odutsa. Maso anga atazoloŵera mdima ndidaona kuti ambiri mwa oonerawo adali ana, ena a zaka zisanu ndi ziŵiri, ndipo kamtsikana kena kadabereka mng'ono wake kumsana. Monga mudziŵa, makanema a m'misika yathu amakhala ndi womasulira amene adaika mau ake a Chicheŵa pamwamba pa mau a eni ake. Sindinyoza luso la anyamata ameneŵa. Tsotsi ali m'chilankhulo cha m'makwalala a Johannesburg, chosakaniza Chizulu, Chisutu ndi Afrikaans, ndipo popanda womasulira palibe mwana wa ku Phalombe akadamvapo kanthu. Koma womasulirayu ntchito yake adaiona kuti nkuseketsa. Pamene Butcher ankabaya bambo uja m'sitima, iye adaponyapo nthabwala yonena za tayi, ndipo nyumba yonse idafa nacho chikhakhali. Pamene Miriam ankatsegula chifuŵa kuti ayamwitse, mfuti ili pamaso pake, womasulira adanena mau amene sindingathe kuŵalemba m'magazini ino, anyamata nkuimba mluzu.

Pali chigawo china chachete m'kanemayu. Tsotsi alondola Morris, bambo wopempha wa pa njinga ya olumala amene adathyoka kumigodi, namfunsa chifukwa chimene akukhalirabe ndi moyo pamene akukwaŵa ngati galu. Bamboyo ayankha kuti akondabe kumva kutentha kwa dzuŵa. Chigawo chimenechi ndicho mtima wa kanema yense, ndipo chikadayenera kutikhudza ife amene agogo athu adapita ku Wenela, ena nkubwerako opanda zala, ena akutsokomola mpaka kumanda, ena osabwerako konse, monga aja oposa 70 adafa pa ngozi ya ndege ku Francistown mu 1974. Koma ana adayamba kusokosa kuti palibe chikuchitika, ndipo mwini kanyumba adathamangitsa kanemayo mpaka pamene mfuti idaonekanso.

Ndidatuluka ndikudziŵa kuti ine ndi mwana wa mai aja sitidaonere kanema mmodzi. Ine ndidaona nkhani ya munthu wobwerera ku dzina lake. Iye adaona mnyamata wa jekete lachikopa woyenda monyang'wa m'kati mwa nyimbo za kwaito za Zola, amene aliyense amampatukira njira. Mwana sasunga mathero a kanema, amasunga mayendedwe.

Augustino Woyera, m'buku lachisanu ndi chimodzi la Confessiones, asimba za bwenzi lake Alypius, mnyamata wodziletsa amene ankadana ndi maseŵera ophana a ku Roma. Tsiku lina anzake adamkokera kubwaloko. Iye adati thupi lake lokha ndilo lipite, ndipo adatsinzina. Koma m'modzi mwa omenyanawo atagwa, khamu lidafuula, iye nkutsegula maso kuti angoona pang'ono. Adaona magazi, adaledzera nawo, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndiye ankakoka anzake. Chimene chidatsegula maso a Alypius ndi mfuu ya khamu, ndipo mfuu yomweyo ndidaimva m'kanyumba ka malata. Tisaganize kuti izi nza ku Roma kokha. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka kuno ku Phalombe ndi ku Mulanje, anthu adaphedwa ndi magulu a anthu anzao, ndipo tonse tidziŵa kuti pakati pa oonerera padali ana. Sindikunena kuti makanema ndiwo adapha anthuwo. Ndikunena kuti mtima umene waphunzira kuseka munthu akubayidwa pa kanema suchedwa kuima chete munthu akugendedwa pamseu.

Ena adzafunsa kuti nanga boma lili kuti. Lamulo loyang'anira makanema ndi zisangalalo lilipo m'Malaŵi muno kuyambira mu 1968, ndipo bungwe loona za ntchitoyi liliponso. M'maiko ena kanemayu adamuikira malire: ku Britain ngwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo, ku America wosakwana zaka 17 ayenera kuperekezedwa ndi wamkulu. Koma palibe bungwe limene lingakhale pa benchi iliyonse ya m'misika ya Chiringa, Migowi ndi kwina konse, ndipo masiku ano kanema amayenda m'kakhadi ka m'foni kochepa ngati chikhadabo. Inter Mirifica idaika udindo umenewu pa makolo, kuti ayang'anire zimene ziloŵa m'nyumba zao ndi zimene ana ao akumana nazo kwina. Kwa ife a kuno ndionjezepo amalume, popeza mwinimbumba amene amaitanidwa mwana akalakwa ayenera kuonekanso mwana asanalakwe.

Tsono yankho langa ndi ili. Kwa akulu, kanemayu muwonereni, makamaka inu amene muli ndi ana olota za ku Joni. Aonetsa mbali ya mzindawo imene obwerako ndi mafoni onyezimira saikamba, ngakhale kuti mu 2008 ndi mu 2015 tidaona abale athu akubwera pa mabasi, manja ali m'khosi, pothaŵa zipolowe zodana ndi alendo. Kwa achinyamata a zaka 16 kupita m'tsogolo, ngwoyenera, koma amuonere yense osadumpha, ali ndi wamkulu woti akambirane naye pambuyo pake. Kwa ana ochepera apo, ai, adikire. Chithunzi cha m'sitima chija ndi cha galu uja nzolemera kwa mtima wanthete. Ndipo kwa mwana wa msinkhu uliwonse, asamuonere m'kanyumba kamene imfa ya munthu imasanduka nthabwala.

Mai aja atabweranso ndidaŵafotokozera zonsezi, koma iwo adandiyang'ana nati: "Abambo, mwanenadi bwino, koma wangayo wamuonera kale katatu." Adanena zoona, madzi akatayika saoleka. Kumletsa tsopano kukadangomsandutsa kanemayo chipatso chokoma koposa. Choncho tidagwirizana zosemphana ndi lamulo langa lomwe. Loŵeruka lotsatira mnyamatayo adabwera kuparishi pamodzi ndi amalume ake, tidakhala atatu, ndipo ine ndidamasulira mau monga alili, popanda nthabwala ndi popanda kudumpha.

Pa chigawo cha m'sitima adayamba kumwetulira, podikira nthabwala ya tayi ija. Itapanda kubwera adayang'ana amalume ake, kenaka adayang'ana pansi. Pa chigawo cha Morris amalumewo adandipempha kuti ndiimitse kanema, nayamba kumsimbira mphwaoyo za bambo ao amene adabwerako ku migodi akutsimphina, nkhani imene mnyamatayo adali asanaimvepo. Kudatitengera pafupifupi maola atatu kumaliza kanema wa ola limodzi ndi theka.

Potsazikana mnyamatayo adandifunsa kuti, "Abambo, ndiye kuti adakammanga zaka zingati?" Ndidamuuza kuti kanema sanena. Adakhala chete pang'ono, nafunsanso ngati Miriam adzapita kukamuona kundende. Ndidati nazonso sanena. Mai ake akuti kumsika akupitabe, ngakhale osati tsiku lililonse, ndipo anzake sadasiye kumuitana dzina lija. Amalume ake adalonjeza kuti akakambirana ndi mwini kanyumba uja za ana oloŵa nthaŵi ya sukulu, koma adati ayambe akolola nandolo.